Ndinadya Phala la Galu

Abale, ambiri a inu mukundidziwa. Ena munkapatuka njira mukandiona ndikubwera, nthungo ili paphewa, agalu ali pambuyo. Simunalakwe. Ndinali munthu wouma mtima, ndipo kuuma kwangako ndinkakunyadira.

Kulankhula pagulu sindikudziwa. Sukulu ndinalekera ku pulayimale. Abusa andiuza kuti ndinene zimene Mulungu anandichitira, ndiye ndinena. Koma ndikuchenjezeretuni: zambiri mwa izo sindizimvetsa mpaka lero.

Kwathu ndi ku Ntaja. Kuno ku Rivirivi ndinabwera kudzakwatira. Ndinali mkamwini. Ndinaumba njerwa ndi manja angawa, ndinaziotcha ndekha, ndinamanga nyumba. Ndinabzala mango. Ndinatsegula dimba m'mbali mwa mtsinje, pamene panali bango lokhalokha. Ndinkasaka nguluwe ndi agwape. Mchere sindinapemphepo pakhomo pa munthu.

Mkazi wanga Firida ankabwera muno Lamulungu lililonse. Ine ndinkati Mulungu wanga ndi khasu, ndipo mapemphero anga anali kachasu wa Loweruka.

Firida anadwala nthawi yaitali. Ine sindinamudwazike. Ndinkati imeneyo ndi ntchito ya akazi. Ndinkakhala pansi pa mango kunola nkhwangwa, uku mng'ono wake, alamu anga a Edina, akulowa ndi kutuluka ndi beseni. Sindinafunsepo kuti mubesenimo muli chiyani. Atamwalira sindinalire. Anthu anaona.

Mwana tinali naye mmodzi, wamwamuna, ndipo iyenso anali atapita kuchikamwini ku Phalula. Mukudziwa tanthauzo lake. Mkamwini wopanda mwana wamkazi pamudzi, mkazi akafa, alibe poponda.

Tsiku la sudzulo, mchimwene wake wa Firida, a Matiyasi, amene anali mwini mbumba, anaimirira pabwalo. Anati, "Alamu, mwakhala nafe bwino. Lero takumasulani. Njira ya ku Ntaja mukuidziwa."

Ankalankhula ndi ine, koma maso awo anali kudimba.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko.

Pasanapite nthawi ndinakatenga kagalu kwa mnzanga wina wosaka. Kofiira, ka mchira wopindika. Mukudziwa mmene timatchulira agalu kuno. Mawu amene sungamuuze munthu pamaso, umawapereka kwa galu, kuti ukamaitana, mwini nkhani azimva. Ndinamutcha Sindichoka.

M'mawa uliwonse ndinkaima pakhonde, kuyang'ana kunyumba kwa a Matiyasi ndi kwa a Edina, ndiye nkukuwa. "Sindichoka! Sindichoka, bwera kuno!" Nthawi zambiri galuyo anali atagona pamapazi panga pomwepo. Ndinkakuwabe.

A Edina anayesa kamodzi kunditumizira ndiwo. Ndinabweza mbale osavundukula. Ndinaima pakati pa mudzi, ndinalumbira anthu akumva kuti chakudya cha m'mudzi uno sichidzalowanso m'kamwa mwanga, kuli bwino ndife. Pamaliro ndinkapita, kukumba ndinkakumba nawo, koma ikafika nthawi ya chakudya ndinkanyamuka.

Zaka zinapita. Agalu anga ena anatha. Sindichoka anakula, anandiphera nyama zambiri, kenaka anayamba imvi kukamwa. Ine ndikukuwabe.

Ndiye kunabwera njala ija.

Achikulire mukuikumbuka. Ana inu, kafunseni amayi anu. Anthu anadya madeya, madeya anatha. Anaphika mango aawisi. Anakumba zitsa za nthochi, nkusinja. Kuthengo kunalibe nyama, ngakhale mbewa. Dimba langa madzi anakokolola. Mwana wanga anali atawolokera ku Mozambiki kukafuna ganyu, osamveka. Ndinagulitsa njinga, ndinapeza madeya pang'ono. Ndinalinso ndi kalongonda mumphika. Ndinati ndifika nazo ku chimanga chachiwisi popanda kupempha munthu.

Nthawi yomweyo ndi imene galu anadwala.

Anali ndi chotupa pansi pa mimba kuyambira chilimwe. Mvula itayamba chinaphulika. Kenaka miyendo yakumbuyo inayamba kukana. Akafuna kudzuka ankagwa chammbali, nkundiyang'ana ngati wandilakwira.

Ife osaka tili ndi lamulo lathu. Galu safera pakhomo. Akatha mphamvu umamumanga chingwe, umapita naye kuthengo, mpini pamutu, basi. Ndinachitapo zimenezi kwa agalu ena. Ndinkabwerako nkudya bwinobwino.

Ndinatenga chingwe ndi mpini.

Iye ataona chingwe anayamba kugwedeza mchira. Ankayesa tikupita kosaka. Anadzikoka ndi miyendo yakutsogolo, mimba ikukhula pansi, kulowera njira ya kuthengo. Anatsogola, monga ankachitira masiku onse. Atafika pamphambano anaima, anatembenuka kuti aone ngati ndikubwera.

Ndinakweza mpini. Dzanja linakana.

Musandifunse chifukwa chake. Sindikudziwa. Dzanja lomwelo linapha nguluwe. Ndinayesanso, linakananso. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru, dzuwa likundiotcha. Kenaka ndinataya mpini m'tchire, ndinamunyamula galu uja pachifuwa, mafinya akundiyenderera m'malaya, ndinadutsa naye pakati pa mudzi masana, anthu onse akuona.

A Matiyasi anali pakhonde pawo. Nawonso anali ataonda, kolala ya malaya ikulendewera. Koma pakamwa panali pasanaonde.

"Alamu, nyama ya lero ndi imeneyo? Tigawireniko mwendo."

Ndinamugoneka pakhonde pa thumba. Ntchentche zinamupeza. Tsiku lotsatira ndinapeza mphutsi pabala. Ndinafunditsa madzi, ndinathiramo mchere umene unatsala, ndinatsuka. Mphutsi ndinkazichotsa ndi kaudzu, imodzi imodzi. Iye ankalira chapansipansi, nkumandinyambita dzanja lomwe likumupwetekalo. Ndinang'amba malaya anga akale, ndinaphimba bala.

Mvula ikagwa pakhonde pankafika madzi. Ndinamulowetsa m'nyumba. Ine, amene ndinkamenya mwana akalola galu kuponda pakhomo. Ndinamuyalira mphasa ya Firida, chifukwa ina panalibe.

Akafuna kudzithandiza ndinkamunyamula kupita naye panja, nkumugwira m'chiuno kuti asagwe. Nthawi zina sitinkafika panja. Ndinkachapa mphasa, nkuyanika, nkuyalanso. Tsiku lina ndikutuluka ndi beseni, ndinaima pakhomo. Ndinazindikira kuti ndi beseni lomwe lija. Tsopano ndinadziwa zimene zinkakhala m'menemo.

Phala la madeya ndinkaphika kamodzi patsiku. Theka langa, theka lake. Anthu anamva. Amayi ankalankhula pachitsime mokweza kuti mawu afike: ana akufa ndi njala, mdala uyu akuphikira galu. Ndipo sankanama. Kutsidya kwa khwawa kunali maliro a mwana sabata yomweyo. Ndinapita kukakumba nawo. Ndinabwerako, ndinadyetsa galu.

Yankho ndinalibe. Ndilibe mpaka lero. Abale, ngati wina wa inu ali nalo, adzandiuze panja.

Tsiku lina kunabwera Che Saidi, mnzanga Msilamu wa ku Ntaja amene tinakulira limodzi. Ankayenda panjinga ndi timatemba ta ku Chiuta, kusinthanitsa ndi chilichonse chimene anthu anali nacho. Anasuzumira pakhomo, anaona galu pamphasa, anabwerera m'mbuyo atakwinya mkanjo wake.

"Achimwene, mwapenga? Galu m'nyumba?"

"Akudwala."

"Nanga inu? Mapazi anuwo mwawaona?"

Ndinayang'ana. Anali atatupa. Ukadina ndi chala pankatsala dzenje.

"Kwerani pakaliyala tipite kwathu," anatero. "Achemwali anu alipo. Kunyanja kulibe zambiri, koma munthu safa msanga."

"Nanga galu?"

"Panjinga yanga? Iyayi, achimwene. Ameneyo ndi najisi, chodetsedwa. Ndingatsuke njinga mpaka mwezi wa mawa."

"Ndiye pitani."

Anandilalatira pang'ono m'Chiyao, monga tinkachitira tili anyamata. Kenaka anapendeketsa dengu, anakokolola fumbi la matemba la pansi, analikulunga papepala. Ndinati sindilandira za chifundo. Anati, "Ndani wakupatsani inu? Izi ndi za wodwalayo. Ife sitimugwira, koma kwathu amati womuchitira chifundo ali ndi sawabu, mphoto yake, kwa Mulungu. Musandimane sawabu yanga."

Ndinalandira. Sindinadziwe kuti a Edina anali panjira ndi ndowa pamutu, akuona zonse.

Madeya anatha. Kalongonda anatha. Fumbi la matemba lija ndinkaliwiritsa m'madzi nkumamwetsa galu, nalonso linatha. Tsiku lina ndikumunyamula kupita panja, maso anachita mdima. Tinagwera limodzi pakhonde. Nditatsitsimuka ndinapeza akundinyambita khutu. Ndinadziwa kuti chimanga chachiwisi sindichifika. Ndinati chabwino. Ndinalumbira, ndife ndi lumbiro langa.

Masana a tsiku lomwelo ndinamva mawu amene ndinali ndisanawamve pakhomo panga kwa zaka.

"Odi."

Anali a Edina. M'manja anali ndi mbale yovundikira, ija ya maluwa imene amayi awo ankadyetsera alendo.

"Ndabwera ndi phala la galu."

Ndinati, "Galu wanga sadya za m'mudzi uno."

"Analumbira ndinu, alamu. Iye sanalumbire."

Analowa osadikira kuti ndiwalole. Anagwada pambali pa mphasa. Anaiyang'ana mphasayo nthawi yaitali, anaizindikira. Ine ndinafuna kumutembenuza galu kuti ndimudyetse. Ndinamukoka miyendo monga ndinkachitira. Analira.

"Iyayi, si choncho. Dzanja lina pansi pa phewa, lina pansi pa chiuno. Muyambe mwamuuza kuti mukumutembenuza. Pang'onopang'ono. Eya." Anayala kansanza pansi pa fupa la m'chiuno pamene panayamba kusupuka. "Ndipo madzi musamathire, angatsamwe. Muzinyowetsa kansalu, nkufinyira pakona pa kamwa. Achemwali ndinkawamwetsa chotero."

Ananena mopepuka, ngati akunena za kupalira. Ine zinandilowa ngati minga.

Atapita ndinavundukula mbale. Phala losefa bwino. Munali mchere. Munali kafungo ka nsinjiro. Pambali panali sipuni.

Mutu unandizungulira. Ndani amathira nsinjiro m'phala la galu, chaka cha njala? Nanga galu amadya ndi sipuni? Ndinadziuza kuti sipuniyo ndi yomudyetsera wodwala. Ndinamudyetsa. Ananyambita pang'ono, anatembenuza mutu. Lotsalalo ndinalivundikira, ndinaliika pakona, ndinakhala molifulatira. Fungo lake linadzaza nyumba yonse. Malovu ankatuluka okha. Sindinakhudze.

M'mawa mwake a Edina anabweranso ndi mbale ina. Anavundukula ya dzulo ija. Phala linali litasasa. Ndinadikira kuti andinyoze. Koma anatenga sipuni, anadya phala losasalo chiimirire, pamaso panga, anakombeza ndi chala.

Pamenepo ndinawayang'ana bwino koyamba. Chitenje anali atachizunguliza kawiri m'chiuno. Mikono inali ngati bango. Ndinadziwa kuti phala lija silinali lotsala mumphika. Linali gawo lawo.

Anasiya mbale yatsopano, anatuluka.

Tsiku limenelo galu anakana kumeza. Ndinayesa ndi sipuni, linkangotuluka m'mbali. Ndinayesa ndi chala, chimodzimodzi. Madzi okha a pakansalu ndiwo ankalandira.

Ndinakhala pansi, mbale ili pakati pa miyendo yanga yotupa. Kunja dzuwa linali paliwombo, mudzi uli zii, chifukwa ana a njala sasewera. Ndikasiya phala, mawa mayi uja adya losasa. Ndikataya, ndataya moyo wake. Ndikadya, ndathyola lumbiro, ndiponso ndadya chakudya cha galu. Ine. Munthu wa nyumba ya njerwa.

Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa. Ndinali ndisanapempherepo. Sindinkadziwanso ngati ndi zololedwa kupempherera galu. Ndinati, "Inu Mulungu wa Firida, sindikudziwani. Ngati mumamva za agalu, mumasuleni uyu, watopa. Ngati simumva za agalu, basi, pepani. Za ine sindikudziwa choti ndipemphe."

Pemphero lake linali lomwelo. Sindinamve mawu. Sindinaone kuwala. Ena mukamachitira umboni mumati munamva moto m'thupi. Ine ayi. Ndinangoona dzanja langa litatenga sipuni ija, imene inali italowa m'kamwa mwa galu.

Ndinadya.

Ndikudya, misozi inayamba kugwera m'mbale. Misozi imene inakana pamaliro a mkazi wanga inabwera pa phala la galu. Ndinalira mokweza ngati mwana. Ndinkatchula Firida. Galu ankandiyang'ana, mchira ukugunda mphasa pang'onopang'ono.

A Edina atabwera anapeza mbale yotsuka. Anayang'ana galu, nthiti zikuwerengeka, kamwa louma. Anayang'ana ine.

"Wadya bwino wodwala wathu."

Ndinati, "Eya. Wadya."

Tonse tinkadziwa.

Zinapitirira chotero. Tsiku lililonse mbale ya galu inkabwera, tsiku lililonse wodwala ankadya bwino. Mapazi anga anayamba kuphwa. A Edina ankakhala pang'ono, kundithandiza kusintha nsanza ya pabala, kuthamangitsa ntchentche. Anandiphunzitsa kumupukuta ndi madzi ofunda, ndi kumuika mutu pamwamba kuti apume bwino. Nthawi zina ankang'ung'uza nyimbo ya muno. Nthawi zina ankandiuza zimene Firida ankanena masiku ake omaliza, ine ndili panja kunola nkhwangwa. Zina sindingazinene pano.

Koma apa ndi pamene mutu wanga unasokonekera kwambiri.

Ndinali nditapempha Mulungu kuti amumasule galu. Ndinkaona mmene akuvutikira, kupuma kwake kukumveka ngati macheka. Koma mumtima munalowa mantha ena. Galu akafa, mbale ija idzatchedwa ya ndani? A Edina sangabweretse phala la galu pakhomo popanda galu. Ine sindingalandire phala la ine. Ndinazindikira kuti ndikupuma chifukwa iye akupuma.

Ndiye ndinkamufinyira madzi m'kamwa ndikudzifunsa: kodi ndikumusamala chifukwa ndimamukonda, kapena chifukwa cha phala? Ndinkapemphera kuti apite, ndikamaliza ndinkamugwira pachifuwa ndi mantha kuti mwina Mulungu wamva. Ndinasiyanso kumuitana dzina. Ndinkangoti, "Iwe, mnzanga."

Anapita m'mawa wina, dzuwa litakwera pang'ono. Ndinali nditamutulutsa kuti aothere pansi pa mango. Anaika chibwano paphazi langa. Anapuma mwamphamvu, anakhala chete, anapumanso, basi. Ndinadikira kupuma kwina. Sikunabwere. Ndinamutseka maso ndi chala.

Ndinena zoona, popeza ndili m'nyumba ya Mulungu. Ganizo loyamba limene linandibwera linali lakuti ndimulowetse m'nyumba, ndimufunditse thumba, ndiwauze a Edina kuti wagona, asamudzutse. Ndikanapeza mbale ya tsiku limenelo, mwina ndi ya mawa. Ndinamunyamuladi. Ndinamugoneka pamphasa, ndinamufunditsa. Ndinatuluka, ndinaima pakhomo.

Anabwera nthawi yawo ya masiku onse.

"Odi. Wadzuka bwanji wodwala?"

Bodza linali kale palilime. Koma chimene chinatuluka ndi china.

"Wapita."

Anati, "Pepani, alamu." Ananena ngati mmene timanenera pamaliro a munthu. Kenaka anayang'ana mbale m'manja mwawo.

"Ndiye iyi ndibwerere nayo?"

Sanandithandize. Sanati ndisiye pakhonde mwina kubwera galu wina. Anangoima, akundiyang'ana, akudikira. Kuseri kwawo ndinkaona a Matiyasi pakhonde pawo, ndi amayi awiri panjira ya kuchitsime, ataima ndi ndowa.

Ndinaphapo nguluwe yovulala ndili ndekha. Sizinandivute ngati mawu awa.

"Iyayi, alamu. Ndipatseni. Ndili ndi njala."

Anandipatsa ndi manja awiri. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinakhala pakhonde, poyera, ndinadya anthu akuona. Kumwamba sikunagwe. Amayi aja anapitiriza ulendo wawo wa kuchitsime.

Ngati mukufuna kudziwa tsiku limene ndinatembenuka mtima, ndi limenelo. Ubatizo unabwera pambuyo.

Galu wakufa timataya kutchire. Ine ndinatenga khasu, ndinayamba kukumba pansi pa mango. Mphamvu panalibe. Ndikatema kawiri ndinkakhala pansi. Ndinangoona mthunzi wa munthu. A Matiyasi. Anandilanda khasu osandiyang'ana.

"Manda a galu! Ukalamba uno. Mukadzauza anthu kuti ndinakumba nawo, ndidzakana."

Pepani, alamu, ndawauza.

Anakumba, akupumira, nawonso njala itawatha. Tinamukulunga m'mphasa ya Firida, tinamuika, tinakwirira. A Edina anaima poteropo. Palibe anaimba. Sitinkadziwa ngati ndi zoyenera.

Titamaliza ndinati, "Alamu, mvula ikatha ndichoka. Nyumba ndi dimba tengani. Ndakuvutitsani mokwanira."

Ndinanena ndi mtima wonse. Ndinkaganiza kuti ndi zimene Mulungu akufuna.

A Matiyasi anatsamira khasu. Anayang'ana a Edina. A Edina ndi amene anayankha.

"Zaka zonsezi, m'mawa uliwonse, mwakhala mukutigonthetsa m'makutu kuti simuchoka. Tinamva, alamu. Khalani."

A Matiyasi anakhosomola. "Koma mbali ya kumunsi ya dimba ija ndikuifunabe."

Ndinawapatsa. Tikulima moyandikana mpaka lero, ndipo timakanganabe za malire.

Chimanga chitacha, a Edina anandiuza kuti malaya anga achapa, Lamulungu tipite. Ndinabwera. Ndinakhala kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko, kuti ndithawe zikandivuta. Sindinathawe. Kachasu ndinasiya, osati tsiku limodzi, koma ndinasiya. Pamudzi pakakhala wodwala tsopano amandiitana, makamaka akakhala bambo wolemera amene amayi sangathe kumutembenuza. Dzanja lina pansi pa phewa, lina pansi pa chiuno. Ndimayamba ndamuuza.

Zosamvetsa zanga zilipobe. Sindikudziwa chifukwa chake Mulungu anandisunga ine, nkhalamba yamwano, pamene mwana wa kutsidya kwa khwawa anapita. Sindikudziwa chifukwa chake sananditumizire mlaliki, koma galu wonunkha bala, Msilamu wa matemba, ndi mayi amene ndinamunyoza zaka zonse zija. Ndinawafunsa abusa ngati galu ali ndi malo kumwamba. Anati sakudziwa. Ndinawalemekeza chifukwa cha yankho limenelo.

A Edina ali pano, akhala apo mbali ya amayi, aphimba nkhope ndi mpango. Ndikawafunsa ngati phala lija linali langa kuyambira tsiku loyamba, amakana. Amati linali la galu. Mwina mukawafunsa inu, akuuzani zoona.

Chimene ndikudziwa ndi chimodzi. Ndinali wakufa ndikuyenda, ndipo Yesu anandidyetsa. Sanadikire kuti ndikhale munthu wabwino. Anadziwa kuti khomo lakutsogolo ndatseka, ndiye anazungulira, analowera pamene galu amalowera. Dzina lake lilemekezeke. Alemekezeke chifukwa cha kuleza mtima kwake, pakuti ine ndikanakhala Mulungu, munthu ngati ine ndikanamusiya afe.

Tsono ndikulankhula ndi iwe amene wakhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko. Mwina nawenso unalumbira. Mwina pali khomo limene sudutsapo, pali dzanja limene unati sudzalandirako kanthu. Mapazi ako akutupa, ukuwabisa. Ine ndinadikira mpaka chisomo chinachita kutchedwa cha galu kuti ndichilandire. Iwe usadikire zimenezo. Ambuye aima pakhomo pako, mbale ili m'manja, akufunsa ngati abwerere nayo.

Mawu ake ndi ochepa, ndipo sapha munthu. Ine ndinawanena, ndili moyo. Bwera kutsogolo kuno, tiwanene limodzi: Iyayi, Ambuye. Ndipatseni. Ndili ndi njala.

Amen.